Ka- ndi ti-: kuchepetsa dzina osathyola chiganizo, osanyoza munthu

Pofuna kuchepetsa chinthu m'Chichewa simusowa mawu ambiri. Zilembo ziwiri zokha mukaziika kumayambiriro kwa dzina, nyumba yasanduka kanyumba, mtsinje wasanduka kamtsinje koti mwana n'kulumpha. Aliyense amene anayamwira Chichewa kubere amachita zimenezi osaganiza n'komwe. Vuto limabwera polemba. Ine ntchito yanga ndi yowerenga ndi kukonza zolemba za anthu ena zisanasindikizidwe, ndipo palibe mphatikiri amene amandithera inki yofiira ngati ka- ameneyu. Wina amamulemba motalikirana ndi dzina lake, wina amamuyamba bwinobwino n'kumutaya pakati pa chiganizo, wina amamupachika pa munthu wamkulu poyesa akumusangalatsa pomwe akumutukwana.

Kusukulu anatiphunzitsa kuti ili ndi gulu la maina la Ka-Ti, aphunzitsi n'kulemba pabolodi kamwana, tiana, basi n'kupita ku gulu lina. Koma gulu limeneli si lofanana ndi anzake. Magulu enawo ali ndi maina awoawo: munthu ndi wa Mu-A chibadwire, chingwe ndi cha Chi-Zi. Ka-Ti amangolandira alendo. Dzina la gulu lililonse mukhoza kulilowetsa m'menemu, ndipo likalowa limakhala ngati mkamwini: mfunda wake sataya, koma malamulo amene atsate ndi a pamudzi pomwe wafikapo.

Musachotse kanthu, ingowonjezerani

Tengani dzina mmene lilili, pamodzi ndi mphatikiri wake wakale, muike ka- kumayambiriro. Mwala, kamwala. Chingwe, kachingwe. Mpeni, kampeni. Apa salakwitsa munthu.

Pochulukitsa m'pamene anthu amapunthwa. Musatenge kamwala n'kungosintha ka- kukhala ti-, chifukwa mutulutsa timwala, mawu oti khutu limawakana. Bwererani kaye ku dzina loyamba lija, lichulukitseni, kenaka muike ti-. Mwala, miyala, timiyala. Buku, mabuku, timabuku. Chipatso, zipatso, tizipatso. Galu, agalu, tiagalu. Yesani ndi maina ovuta aja amene amasintha nkhope akachuluka, muona kuti njirayi sikhumudwitsa. Dzino ndi kadzino, koma mano ndi timano. Dzenje ndi kadzenje, maenje ndi timaenje. Tsamba ndi katsamba, masamba ndi timasamba. Phiri ndi kaphiri, koma ambiri ndi timapiri, h uja wasowa monga momwe amasowera pa mapiri. Maina a gulu la I-Zi alibe chovuta poti sasintha: kanyumba, tinyumba, kambuzi, timbuzi, kansomba, tinsomba.

Dzina limodzi lodziwika limene limaphwanya lamuloli ndi kanthu, zambiri tinthu, pamene chi- wa chinthu anachokeratu. Kachinthu ndi tizinthu nawonso alipo, ndipo ine ndimawasiyanitsa. Kachinthu ndi koti mukhoza kukatola pansi n'kukaika m'thumba. Kanthu kanayenda ulendo wautali mpaka kanaiwala kuchepa kwake. Tikamati palibe kanthu, sindinalawe kanthu chim'mawire, kapena mkulu uja ali ndi kanthu, palibe amene akuganiza za msinkhu wa chinthu.

Zinthu zosawerengeka, monga madzi ndi ufa, sizichepa msinkhu koma muyeso. Kuti mudziwe ngati zitenge ka- kapena ti-, yang'anani maonekedwe a dzinalo. Madzi ndi mafuta ali ndi ma- wa zambiri, choncho ndi timadzi, timafuta. Mchere, ufa ndi shuga ali ngati chinthu chimodzi, choncho ndi kamchere, kaufa, kashuga. Ndalama zimalola zonse ziwiri, kandalama ndi tindalama, ndipo wodandaula kuti tindalama take tatha ndi amene amamveka wosauka kwambiri.

Tsopano za kalembedwe, poti pa WhatsApp ndi pa Facebook zinthu zafika pena. Ka- wochepetsa amalumikizidwa ku dzina: kamwana, osati ka mwana. Ka woima payekha ndi wina, wosonyeza umwini, mbale wake wa wa, cha ndi la. Onani chiganizo ichi: kabuku ka mwana kang'ambika. Ka- woyamba wachepetsa buku, ka wachiwiri wanena mwini wake, wachitatu ndi wa mneni. Mukalemba kuti "ndatola ka mwana", wowerenga wosamala afunsa kuti mwatola kachiyani ka mwanayo, kansapato kapena kachipewa. Pokhapokha pa maina achilendo oyamba ndi chilembo chachikulu m'pamene ndimalola mpata, monga ka Toyota kake kaja, chifukwa kuwalumikiza kumaoneka konyansa patsamba.

Mukayamba ndi ka-, malizani ndi ka-

Chiganizo chimene ndimachipeza kawirikawiri m'nthano za olemba atsopano ndi cha mtundu uwu: "Kamwana kaja anagwa pamene ankathamangira mayi ake." Wolembayo wayamba ndi kamwana, koma pofika pa mneni m'mutu mwake mwabwerera mwana. Sankhani chimodzi. Kaya mulembe kuti mwana uja anagwa pamene ankathamangira mayi ake, kapena kamwana kaja kanagwa pamene kankathamangira mayi ake. Taonani kuti ake sanasinthe, chifukwa akugwirizana ndi mayi osati ndi kamwana. Akanakhala kuti kankathamangira kampira, tikanati kampira kake.

Agwirizanitsi a gululi si ovuta kuwaloweza mukawaika awiriawiri: aka ndi iti, ako ndi ito, kano ndi tino, kaja ndi tija, kanga ndi tanga, kena ndi tina, konse ndi tonse, kokha ndi tokha, kamene ndi timene, kalikonse ndi tilitonse. Powerenga ndi kamodzi, tiwiri, titatu, tinayi, tisanu. Afotokozi ochokera ku aneni amatenga ko- ndi to-, monga kambalame kokongola, timbalame tokongola. Amene amasokoneza ndi afotokozi aja obwereza mgwirizanitsi kawiri. Wamng'ono amakhala kakang'ono, zambiri tating'ono. Wamtali amakhala kakatali, tatitali. Wamkulu amakhala kakakulu, tatikulu. Anthu ambiri amalemba titing'ono kapena tatang'ono, zonsezi n'zolakwika.

Ti- ali ndi msampha wakewake: amafanana ndi ti- wa ife. Tagona ndi njala likhoza kukhala dandaulo la banja lonse, kapena la mayi amene akunena za tiana take. Mphaka watidya ndi nkhani yabwino ngati mukunena za timakoswe, koma dzinalo likakhala kutali, wowerenga ayesa mphakayo wadya inu. Polankhula sitisokonezeka chifukwa chinthucho tikuchiona. Polemba, dzina likhale pafupi ndi mneni wake, ndipo mukadutsa ziganizo ziwiri zitatu, litchuleninso.

Komanso musaope ka- akaunjikana. Kagalu kakakana kudya, ukakapatse mkaka. Mu kakakana, ka- woyamba ndi kagalu, wachiwiri ndi uja wa ngati kapena pamene, wachitatu ndi wa tsinde la kukana. Mu ukakapatse, woyamba ndi wa kupita kukachita, wachiwiri ndi kagalu komwe kaja. Chiganizocho chilibe vuto. Pokonza, ndimawerenga ma ka- amenewa ndi nsonga ya cholembera, mmodzimmodzi, chifukwa otayipa amakonda kudya mmodzi poyesa wabwerezedwa mwangozi.

Ma ka- ena amene sachepetsa chilichonse

Si dzina lililonse loyamba ndi ka limene lili m'gulu la Ka-Ti. Njira yoyesera ndi yachidule: lichulukitseni, ndipo mumvetsere mneni. Likatenga a- kapena ma- m'malo mwa ti-, ka ameneyo ndi mbali ya dzinalo basi. Kalulu ambiri ndi akalulu, ndipo timati kalulu wathawa, osati kathawa. Chimodzimodzi kamba, kadzidzi, kangaude, kanyimbi, ndi kambuku amene palibe angamutche wamng'ono atakumana naye pamsewu. Mukafuna kuchepetsa nyama zimenezi muwonjezera ka- wina: kakalulu, tiakalulu.

Ena ndi mawu obwereka amene anabwera ndi ka wawo kuchokera kwawo. Kalata anachokera ku Chipwitikizi, carta. Kapitawo ndi capitão, kachasu ndi cachaça, onsewa a Chipwitikizi chomwecho. Kapu ndi kabichi ndi a Chingerezi. N'chifukwa chake timati kalata yafika, makalata afika, ndipo kalata yaifupi yolembedwa mothamanga ndi kakalata.

Palinso maina opangidwa kuchokera ku aneni, otchulira munthu kapena chinthu potengera zochita zake: kazitape, kapasule, kabwerebwere wa kundende, kaunjika wa pamsika, kafumbata. Awa amayenda ngati anthu: kazitape wagwidwa, akazitape agwidwa.

Gulu limene limanyenga kwambiri ndi la kalembedwe, kavalidwe, kayendedwe, kaphikidwe, kaganizidwe. Awa amatengadi agwirizanitsi a ka-, timati kavalidwe kake n'kabwino, koma tanthauzo lawo ndi njira yochitira chinthu, osati kuchepa. Simungawachulukitse ndi ti-. Tivalidwe kulibe, anthu amati mavalidwe. Ndipo ka- wa kamodzi, kawiri, kangati, kambirimbiri ndi wowerengera maulendo.

Maina a anthu ndi malo amatuluka m'gululi ngakhale atabadwira momwemo. Dzina loti Kamuzu ndi ka- kuphatikiza muzu, kamuzu kakang'ono. Koma polemba mbiri timati Kamuzu anabwerera ku Nyasaland mu 1958, ndipo amene akanayerekeza kunena kuti kanabwerera masiku amenewo sakanagona kunyumba kwake.

Funsani kaye: chinthucho n'cha yani?

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo mabuku a sukulu sanenapo zambiri. Mukamva munthu akuti kanyumba kakakulu ndithu, musamuseke kuti akudzitsutsa. Wakuonetsani kuti ka- sayeza ndi tepi. Nthawi zambiri amanena za mtima wa wolankhulayo kuposa kukula kwa chinthucho.

Tengani mawu omwewo, kanyumba. Mwininyumba akamauza mlendo kuti "tiyeni achimwene mukaone kanyumba kanga", nyumbayo ikhoza kukhala ya zipinda zinayi, yamalata, yampanda wanjerwa. Sakunama ayi. Akudzichepetsa kuti asaoneke wodzitama. Mlendo wakhalidwe akafika amayankha kuti "nyumba yabwino zedi iyi", ka- uja wamuchotsa mwadala. Koma mlendo yemweyo akabwerera kwawo n'kumauza anthu kuti "ndakaona kanyumba kake kaja", mawu amene anali ulemu asanduka chipongwe. Ndiye lamulo ndi ili: munthu akachepetsa chake, inu musamuthandize kuchepetsa. Kamunda, kabizinesi, kantchito, kagalimoto, zonsezi zimakoma m'kamwa mwa mwini wake.

Popempha, ka- amapeputsa katundu amene mukumusenzetsa mnzanu. "Amayi, mungandigawireko kamchere?" ndi pempho lovuta kulikana, chifukwa mwanena kale kuti simukufuna zambiri, ndipo -ko wakumapetoyo wathandizira. Timadzi takumwa, tindiwo pang'ono, dikirani kamphindi, ndibwerekeniko kanthawi. Wopereka naye amachita chimodzimodzi: "Ndabwera ndi kangachepe aka." Mawu amenewa ndi mneni wathunthu amene anauma n'kukhala dzina, kutanthauza kuti ngakhale kachepe, landirani. Tsoka lake ndi lakuti mawu okoma chonchi analowanso m'maofesi ndi pamisewu, moti munthu akati "muganizireko kangachepe" kapena "pakhale kenakake" tonse timadziwa chimene akufuna. Ngati mukulemba nkhani ya m'nyuzipepala, mawu amenewa akhale m'kamwa mwa wolankhulayo basi. Inu monga mtolankhani lembani dzina lake lenileni, chiphuphu.

Pa ana, ka- ndi chikondi. Mayi akamati kamwana kanga kadwala, mumamva mtima wake wonse m'mawu atatuwo. Kakhanda, timapasa, timiyendo take. Koma chikondi chimenechi chili ndi malire a msinkhu, ndipo anthu ambiri sawaona. Bwana wotcha mlembi wake wa zaka 30 kuti kamtsikana kanga mwina akuyesa ndi mawu achifundo, koma mwini wakeyo akumva kuti sakuwerengedwa ngati munthu wamkulu.

Pa akuluakulu ndiye musayese n'komwe. Chichewa chimalemekeza munthu pomuchulukitsa: agogo abwera, abambo akudwala, amfumu ayankhula. Mukati kagogo kabwera mwachita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mwachotsa a- waulemu, ndipo mwawapatsa agogowo mneni yemweyo amene mumapatsa kagalu ndi kankhuku. Chipongwe chenicheni chili pa mneniyo, chifukwa chimabwerezedwa m'chiganizo chonse: kabwera, kakhala pansi, kakuti kakufuna chakudya. Ngati mukungofuna kunena kuti munthu wamkuluyo ndi wochepa thupi, nenani choncho: agogo aafupi, bambo wochepa thupi. Wolemba nthano yekha ndi amene ndimamulola kuika kankhalamba m'kamwa mwa mpangankhani wamwano, poti cholinga chake n'choti timuone mwano wakewo.

N'chimodzimodzi ndi magulu a anthu. Kampingo, kachipani, kasukulu, kanyuzipepala: palibe membala wa mpingo amene amamva mawu oti kampingo n'kuganiza za chiwerengero cha anthu. Nkhani ikakhala yoti aliyense aikhulupirire, lembani zipani zazing'ono, osati tizipani. Mfotokozi amanena kukula kokha, pamene ti- amanenanso maganizo anu. Samalaninso ndi ti- wachisoni, uja wa tiana tamasiye. Amakhudza mtima, inde, koma anawo akadzakula n'kuwerenga lipotilo sadzakondwa kuona mmene munawatchulira.

Pali ntchito zina ziwiri zimene ine ndimazikonda, ndipo sindizikhudza ndi inki yofiira. Ina ndi yoyamikira: "Kadiresi aka kakukhalani bwanji!" kapena "kanyimbo kameneka kakundikomera". Apa ka- akutanthauza chinthu chaudongo, chogwira mtima, monga kamphepo kayaziyazi. Ina ndi yonena mochepetsa dala chinthu chachikulu. Mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, wina n'kungoti "lero kuli kadzuwa". Onse amaseka chifukwa akudziwa kuti ndi chidzuwa. Mnzake wa ka- pa masewera amenewa ndi chi-, zambiri zi-, amene amakulitsa: chinyumba, chimwala, zimiyala, chigalu. Naye sakulitsa thupi lokha, amanyamulanso mantha, kunyansidwa kapena kugoma.

Makolo ankadziwa kulemera kwa timawu timeneti. Mwambi uja woti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu ukanatha kunenedwa ndi nyama ndi anthu, koma ukanazizira. Ka- akuonetsa kusowa chitetezo kwa munthu amene ali yekha, ndipo taonani kuti ngakhale awiriwo sanakule, akadali tianthu.

Kumene ka- anachokera

Ka- si wa Achewa okha, ndipo ndi wakale kuposa dzina loti Chichewa. Zinenero za Chibantu, zomwe zilipo pafupifupi 500, zinachokera ku chinenero chimodzi chimene chinkalankhulidwa cha kumalire a Nigeria ndi Cameroon zaka 4,000 kapena 5,000 zapitazo. Palibe anachilemba, koma akatswiri anachilondola poyerekeza zinenero za lero. Wilhelm Bleek, wa ku Germany amene ankagwira ntchito ku Cape Town, ndi amene anayamba kupatsa magulu a maina manambala m'zaka za m'ma 1800, ndipo Carl Meinhof anapitiriza ntchitoyo kuyambira mu 1899. Lero gulu la ka- limatchedwa la nambala 12, la zambiri zake la nambala 13, ngakhale mabuku ena akale amatembenuza manambala awiriwa, choncho musadabwe mukawapeza mosemphana.

M'chinenero chakalecho awiriwa anali ka- ndi tu-. Ka- sanasinthe mpaka lero, koma tu- kwa ife anasanduka ti-. Anansi athu ambiri anasunga u uja. Atumbuka, Ayao ndi Ashona amati ka- ndi tu-. Abemba amati akana, utwana, ndipo Anyarwanda amanena chimodzimodzi. Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka nachonso mumamvamo tu-. Chiganda cha ku Uganda chinachita zosangalatsa: kamwana ndi akaana, koma zambiri zake zinasamukira ku gulu lina, obwana, ndipo otu- anatsalira pa muyeso wochepa wa zinthu, monga otuzzi, amene ndi timadzi tathu tomwe tija.

Zinenero zina zinamutaya ka-. Chiswahili cha m'mabuku chimachepetsa ndi ki- ndi vi-: mtoto ndi kitoto, mlima ndi kilima, mji ndi kijiji. Ki- ameneyu ndi mbale wake wa chi- wathu, ndiye mphatikiri yemweyo amene ku Dar es Salaam amachepetsa mwana, kuno amamusandutsa chimwana. Chizulu chimachepetsa kumapeto kwa dzina ndi -ana: indoda ndi mwamuna, indodana ndi mwana wamwamuna, intaba ndi phiri, intatshana ndi kaphiri. -Ana ameneyu anachokera ku tsinde lomwelo la mawu oti mwana. Ifenso njira imeneyi tili nayo, kungoti mwana timamuika koyambirira, monga mwanapiye ndi mwanawankhosa. Ndipo imathandiza kusiyanitsa: mwana wa mbuzi ndi wamng'ono pa zaka, pamene kambuzi kakhoza kukhala kokalamba koma kopinimbira.

Mukakumana ndi mini-, milli- ndi micro-

Omasulira amandifunsa kawirikawiri ngati ka- ndi yemweyo ndi mini- wa Chingerezi. Amakumana penapake, koma si amodzi. Mini- ndi mwana wa dzulodzulo, chidule cha miniature, ndipo mawu amenewo poyamba sankanena za kuchepa n'komwe. Anachokera ku minium, dzina la Chilatini la utoto wofiira wopangidwa ndi mtovu umene alembi a ku Ulaya ankakongoletsera zilembo m'mabuku olembedwa pamanja. Zithunzi za m'mabuku amenewo zinali zazing'ono, komanso mawuwo ankamveka ngati minor ndi minimus, a Chilatini otanthauza chochepa, ndiye tanthauzo linasamuka. Mini- anatchuka kwambiri galimoto ya Mini, yopangidwa ndi Alec Issigonis, itatuluka ku Britain mu 1959, kenaka masiketi aafupi aja amene Mary Quant anawatchukitsa ku London m'zaka za m'ma 1960, omwe ku Malawi analetsedwa ndi lamulo la kavalidwe la mu 1973.

Mawu amenewa atalowa m'Chichewa tinawameza athunthu. Minibasi kwa ife ndi dzina limodzi, zambiri maminibasi, ndipo mini ali m'katimo sitimumvanso ngati wochepetsa. Umboni wake ndi woti timatha kunena kuti kaminibasi kakutha kaja, kapena chiminibasi. Choncho musamasulire minibasi kuti kabasi. Minibasi ndi mtundu wa galimoto, kabasi ndi maganizo anu pa basiyo. Mini- amatchula chinthu chimene anachipanga dala chaching'ono, ndipo sanyoza, sapempha, sakonda.

Pa miyeso ndiye ka- asayandikireko. Milli- ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000, kuchokera ku mille wa Chilatini. Micro- ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000, kuchokera ku mikros wa Chigiriki, ndipo nano- ndi limodzi mwa 1,000,000,000, kuchokera ku nanos, munthu wamfupi kwambiri. Onse atatuwa ali m'ndondomeko ya miyeso ya dziko lonse lapansi imene inakhazikitsidwa mu 1960. Awa ndi masamu. Piritsi la paracetamol la 500 mg ndi theka la galamu, osaposa osachepera. Lembani mamiligalamu 500. Mukalemba timagalamu, wodwala amva kuti ndi tochepa toti akhoza kuwonjezera.

Otanthauzira nkhani za umoyo asamalenso ndi kachilombo. Chilombo ndi fisi kapena mkango, ndipo makolo atachichepetsa anapeza dzina la nyerere, nsabwe ndi nankafumbwe. Achipatala atabwera anabwereka dzina lomwelo, moti lero tizilombo toyambitsa matenda ndi mawu okhazikika. Vuto ndi loti dzina limodzi lomweli likutchula udzudzu, kachilombo kamene kamayambitsa malungo, bakiteriya wa kolera ndi vairasi ya HIV, zinthu zosiyana kutalitali kukula kwake ndi mankhwala ake omwe. Chikalata chikangoti kachilombo, wowerenga wina aganiza koti n'kukaona ndi maso n'kukapha ndi chala. Tchulani mtundu wake koyambirira, monga kachilombo ka mtundu wa vairasi kosaoneka ndi maso, kenaka m'ziganizo zotsatira mukhoza kumangoti kachilomboka. Pa malungo siyanitsani bwino: udzudzu ndi umene umaluma, tizilombo ta malungo ndi timene udzudzuwo umasiya m'magazi, ndipo mankhwala amene wodwala akumwa akupha tachiwiriti.